Geti la pa Mjigo Wachinayi

Marnie Hartwig anabwerera kwawo ku famu ya ng'ombe ya Mount Ottilie Loweruka pa 14 Sepitembala, atatha zaka ziwiri ku Scotland, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanakhalepo pampando umodzi mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Ankayamba kuchapa, n'kusiya zovala m'madzi. Ankapita kukhola la mahatchi, n'kubwerako osakhudza hatchi. Amayi ake, a Noelene, anangoti, "Thupi lafika, mwini wake akadali m'ndege."

Chimene chinkamusowetsa mtendere chinafika Lolemba pa 23, pa galimoto yobweretsa katundu kuchokera ku Alice Springs. Anali Dario Cattoni, mnyamata wa ku Adelaide amene anakumana naye ku Scotland komweko, kumene onse awiri ankaperekeza alendo m'mapiri. Dario anabwera ndi chikwama chachikulu, botolo la vinyo, ndi funso limodzi loti afunse bambo ake a Marnie. Marnie anali atamuuziratu ali kunja kuti bambo akewo akapanda kuvomera, ukwati palibe. Sikunali kuopseza. Ankadzidziwa.

A Lindsay Hartwig ankaweta ng'ombe pamalo oti galimoto imatha tsiku isanawazungulire, ndipo anthu oyenda pansi ndi zikwama kumsana sankawaona ngati anthu ogwira ntchito.

"Ndiye ntchito yako ndi kuyenda?" anafunsa pa chakudya chamasana, akudula nyama.

"Kuyendetsa anthu, bambo Hartwig."

"Alibe miyendo?"

"Miyendo ali nayo. Njira ndi imene saidziwa."

"Ndiye iwe umawalozera kuti phiri ndi ilo, iwo n'kukuthokoza."

"Adadi," anatero Marnie.

"Ndikungofunsa. Ndikufuna ndidziwe ngati ndinalakwitsa kusankha ng'ombe."

Dario anaika foloko pansi, n'kuwongola msana. Marnie anaona kuti akufuna kufunsa pomwepo, ndipo anamuponda phazi pansi pa tebulo, koma bambo ake anali ataona kale.

"Chimene wabwerera ndikuchidziwa, mnyamata. Usandifunse lero, ungandiwonongere nyama. Marnie akuti akufuna akakuonetse chigwembe cha kuseri kwa mapiri. Pitani. Mukabwerako Lachisanu udzandifunse, ndidzakuyankha." Anamuloza ndi mpeni. "Zinthu ziwiri. M'mawa uliwonse muzilankhula pa wailesi kuti ndidziwe kuti muli moyo. Chachiwiri ndi mageti. Geti ukalipeza lotseka, ulitseke. Ukalipeza lotsekula, ulisiye lotsekula. Si kuti wina waiwala. Ndi njira ya ng'ombe zanga popita kumadzi. Iwe Marnie sindikuuza, unabadwira momwemu."

"Ndamva, bambo Hartwig," anatero Dario.

"Onse amatero."

* * *

Madzulo ake helikopita yaing'ono inatera kuseri kwa shedi, nkhuku n'kubalalika. Anatsika Heath Mulcahy, amene ankakusa ng'ombe ndi ndege m'mafamu onse a kumeneko. Marnie anali naye pachibwenzi zaka zitatu asanapite kunja, ndipo mpaka pano a Hartwig ankamusungira mpando wake patebulo.

Anawapeza pakhonde akulongedza. Ananyamula chikwama cha Dario ndi dzanja limodzi, n'kuchiyesa kulemera.

"Aise, mwalowetsamo sofa?"

"Madzi," anatero Dario.

"Madzi! Mwamva, amayi? Wabwera ndi madzi ake. Athu sakuwakhulupirira." Kenako anatembenukira kwa Marnie, n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi. "Wayera bwanji iwe. Kumeneko dzuwa amachita kugula?"

"Zikomo, Heath, nawenso wanenepa."

"Ndipo ukulankhula ngati iwo. Ukukumbukira kumene kumpoto kuli, kapena ndikujambulire pansi?"

"Ndikukumbukiranso kumene ndinakusiya."

Heath anaseka, koma makutu anamufiira. Pochoka anagogoda wailesi ya m'manja imene inali pamwamba pa chikwama. "Muuze mnzakoyu kuti kuno wailesi si foni. Zimene munena m'mawa, mafamu onse mpaka kumalire amamva. Musakayambe zotchulana mayina a kuchipinda, mayi Tolley a ku famu yoyandikana nayo ali ndi vuto la mtima."

Atapita, Dario anafunsa, "Ameneyu ndi uja unkati ndi wofatsa?"

"Ndinati anali."

* * *

Lachiwiri a Hartwig anawatsitsa pamene msewu umathera, dzuwa lisanakwere. Sanazimitse injini.

Marnie anayamba kuyenda mofulumira, ngati wina akumuthamangitsa. Nthaka inali yofiira, youma, yolira pansi pa nsapato. Udzu wobaya unamera m'magulumagulu mpaka kumene maso amalekezera, ndipo patsogolo mapiri anali atagona mzere umodzi, miyala yake ili psuu. Ku Scotland anayenda zaka ziwiri masokosi ali chinyowere. Apa mphepo inkaumitsa thukuta lisanatsike pakhosi, ndipo iye ankaikoka m'mphuno mwadyera.

"Tachepetsako, iwe," anatero Dario. "Ndikufuna ndione."

"Ona ukuyenda."

Anafika pa Mjigo Wachinayi dzuwa litayamba kuluma. Panali thanki, chomwera ng'ombe chachitali cha simenti, ndi mpanda wawaya wozungulira zonsezo. Analowera pa kageti kakang'ono ka kummawa, kamene anakapeza kotseka. Dario anakatseka, n'kukagwedeza kawiri kuti atsimikize, n'kuyang'ana Marnie ngati mwana wa sukulu wodikira kuyamikiridwa. Kumadzulo kunali geti lalikulu lotulukira kubusa, lili yasa. Ng'ombe panalibe. Zimabwera kudzamwa dzuwa likapendeka.

Akudzaza mabotolo ndi pamene Dario ananena.

"Andilembera a ku Scotland aja. Akufuna ndibwerere mu Novembala, ndikhale woyang'anira operekeza alendo onse. Yankho akulifuna pofika pa 30."

Marnie anasiya madzi akusefukira pa botolo. "Pa 30 mwezi uno?"

"Eya."

"Unadziwa liti?"

"Lachinayi."

"Lachinayi. Ndiye dzulo unakhala patebulo la adadi, ukudya nyama yawo, tikiti ili m'thumba?"

"Palibe tikiti. Bambo ako akavomera, ndikana. Ndikhala kuno."

"Akakana?"

Dario anatseka botolo lake pang'onopang'ono. "Iweyo unati akakana ukwati palibe. Ndikhalirenji? Ndizidzakuonera patali uli m'ndege ya Heath?"

"Usamulowetsemo Heath."

"Analowa yekha, ali ndi mpando wake."

Dario anabereka chikwama n'kutuluka pa geti lalikulu lija osacheuka. Marnie anatsala kumbuyo, m'mutu muli pa 30, pa 30, pa 30. Anamutsatira. Pofika pa geti, manja ake anachita chimene anachita zaka ziwiri m'minda ya nkhosa ya ku Scotland, kumene geti lililonse lili ndi chikwangwani chopempha wodutsa kuti atseke, ndipo woperekeza alendo ndi amene amatsalira kumbuyo kuti atseke. Anakoka getilo, n'kulibweretsa pa nsanamira, n'kukolowekapo tcheni. Maso ake anali pamsana pa Dario. Sanadziwe n'komwe kuti wachita kanthu.

* * *

Analowa m'chigwembe Lachitatu masana, atakwera ndi kutsika mtunda wamiyala umene unang'amba nsapato ya Dario. Mkangano uja unatha wokha, chifukwa n'kovuta kukwiyira munthu amene akukupatsa dzanja pa thanthwe.

M'chigwembemo munali mthunzi. Makoma a miyala anakwera mbali zonse, ofiira kumwamba, akuda kumunsi, ndipo m'ming'alu munamera mabulugamu a makungwa oyera mbee. Pakati panali dziwe losaphwa, madzi ake ozizira moti Dario atadumphiramo anatuluka akukuwa mayina a oyera mtima onse a agogo ake.

"Bwanji sunandiuze?"

"Alendo ako umawauza?"

"Ndimawauza!"

"N'chifukwa chake sabwereranso."

Anagona pa thanthwe lofunda kuti aume. Zinkhwe zing'onozing'ono zobiriwira zinabwera gulu limodzi, n'kuzungulira, n'kutera m'mphepete mwa madzi, n'kuuluka zonse pamodzi ngati wina wakutumula nsalu. Kenako kunangoti zii. Marnie anamvetsera. Chete ameneyu ndi amene ankamusowa kunja kuja, kumene nthawi zonse kwinakwake madzi ankadontha.

"Ndikhoza kukhala kuno," anatero Dario, maso ali kumwamba. "Sindikunena kuti ndikusangalatse. Ndikhoza."

"Ntchentche uziwerengerenso."

"Ndameza zitatu kale. Sizoipa."

Marnie anaseka, n'kuika mutu paphewa lake. Koma sanakhalitse. Anadzuka, n'kukaona ngati wailesi ili ndi moto. Anabwerera. Anadzukanso, n'kuwerenga mabotolo. Panali kanthu kena kamene kankamukanda mumtima, ngati munthu amene wachoka panyumba ndipo sakukumbuka ngati wazimitsa mbaula. Anaganiza kuti ndi nkhani ya pa 30 ija.

Lachitatu ndi Lachinayi m'mawa analankhula pa wailesi. Bambo ake ankayankha mawu awiri okha: "Ndamva. Chabwino."

* * *

Lachisanu m'mawa, ali kumapeto kwa chigwembe kumene anagwirizana kuti adzawatengere, Marnie anayatsa wailesi. Asanalankhule, munamveka mawu a Heath pamwamba pa phokoso la injini.

"Mount Ottilie, Mount Ottilie. A Lindsay, mukundimva?"

"Lankhula."

"Ndili pamwamba pa Mjigo Wachinayi. Geti lalikulu ndi lotseka. Ng'ombe zaunjikana pa waya. Zina zagona, ndipo sizikudzuka."

"Bwereza."

"Ndi lotseka, madala, tcheni chili pa nsanamira. Ndikutera kuti nditsekule."

Marnie anayang'ana dzanja lake lamanja. Anamva kuzizira kwa tcheni m'zala, kulemera kwa geti likukwekwereza pansi, kulira kwake pofika pa nsanamira. Zonse zinabwera nthawi imodzi. Anakhala pamwala.

"Marnie." Mawu a bambo ake anali osalala, otsika. "Ndikudziwa kuti wayatsa. Ndani?"

Anakweza wailesi kukamwa. Dario anaigwira, n'kuikoka mwamphamvu moti chingwe chake chinamukwapula padzanja.

"Bambo Hartwig, ndine Dario. Ndine ndinatseka. Ndinaiwala zimene munanena."

Pa wailesi wina wa ku famu ina anatsokomola. Wina anati, "Mayo ine."

"Wachita chiyani?" anatero Marnie.

"Ndinamva tcheni kumbuyo kwanga tsiku lija," anatero Dario. "Ndinati mwini malo akudziwa chimene akuchita. Ndikanacheuka."

* * *

A Hartwig anawatenga osapereka moni, n'kuwongolera galimoto ku mjigo. Fungo linawalandira asanaone kanthu. Ng'ombe khumi ndi imodzi zinali zitafera m'mbali mwa waya, madzi zikuwaona. Zambiri zinali zoyamwitsa. Zina zitatu zinali zikupumabe koma zosatha kudzuka, ndipo a Hartwig anatenga mfuti m'galimoto n'kuzimaliza okha. Tiana ta ng'ombe tinkazungulira mitembo tikulira. Heath anaima pafupi ndi thanki, chipewa chili m'manja.

A Hartwig analowa mumpanda, n'kuyenda pang'onopang'ono kuchokera pamene geti limakhala likatsekulidwa mpaka pa nsanamira, maso ali pansi. Atamaliza anabweza mfuti m'galimoto.

"Adadi, ndine," anatero Marnie. "Si Dario. Ndinatseka ndine. Ku Scotland ndinazolowera..."

"Khala chete."

"Ndikunena zoona!"

"Mwana wa m'nyumba mwanga satseka geti la pamadzi. Uli ndi zaka zisanu unkadziwa kale. Unakalipirapo woyendetsa lole pamalo pomwe pano, usanayambe ndi sukulu yomwe." Anatembenukira kwa Dario. "Wamuphunzitsa kukuikira kumbuyo?"

"Ayi, bambo Hartwig. Ndine. Iyeyu akungondimvera chisoni."

"Dario, usatero!"

"Lachisanu lakwana," anatero a Hartwig. "Funso lako lija lisunge. Heath akutula ku Alice lero."

Marnie anayang'ana Heath. Heath anali akuyang'ana chipewa chake.

* * *

Anatsanzikana kuseri kwa shedi, a Noelene ali chapatali akusungunula mkaka wa tiana ta ng'ombe tamasiye tija.

"Sunandifunse," anatero Marnie. "Unangolanda."

"Ndinaona nkhope yako."

"Nkhope yanga ndi yanga!"

"Tamvera. Mlendo akalakwitsa geti amamuseka mwezi umodzi, n'kuiwala. Iweyo angakuseke mpaka ukalambe. Ndipo bambo ako ungawalande chinthu chimene amanyadira kuposa ng'ombe."

"Ndiye ndiwasiyire kunyada, iwe ndikutaye?"

"Sunanditaye. Foni yanga yatha moto kuyambira Lachitatu. Ndikafika ku Alice ndiitchaja, tilankhule. Ingodikira."

"Kudikira sindikutha, ukudziwa."

"Ndikudziwa," anatero, n'kumupsompsona pamphumi.

A Hartwig anatenga Dario okha pa galimoto kupita naye pamene helikopita inali. Anauza Marnie kuti atsale athandize mayi ake. Ali chigwirire botolo la mkaka, kamwana ka ng'ombe kakumukoka, anaona patali bambo ake ataima ndi Dario pafupi ndi ndege, Heath ali pambali pawo akumanga chikwama. Analankhula nthawi yotalikirapo. Kenako fumbi linakwera, ndege n'kunyamuka. A Hartwig sanabwerere kunyumba. Anakhotera ku mjigo kukakoka mitembo.

"Amayi, mukundikhulupirira?" anafunsa Marnie.

A Noelene anapukuta manja pa epuloni. "Ine ndinakubala. Bambo akowo uwapatse nthawi."

"Nthawi palibe. Dario ayenera kuyankha anthu a ku Scotland Lolemba."

"Ndiye kayamwitse kachiwiriko. Kakugwa ndi njala."

* * *

Anayamwitsa tonse. Anasesa khonde losesa kale. Anakhutula chikwama chake, n'kulongedzanso. Foni anaiika patebulo la kukhitchini, n'kumaizungulira. Italira, dzuwa litapendeka, anaitola asanaone dzina.

"Dario?"

"Pepa, ndi wonenepa uja," anatero Heath. "Ndamutsitsa. Wakwera takisi."

"Ananena chiyani?"

"Panjira? Palibe. Amangoyang'ana pansi. Munthu wabwino, aise, ndisaname. Sindinaganize."

"Adadi anamuuza chiyani pa ndege paja?"

"Injini inali ikulira, sindinamve bwino." Kenako anati, "Marnie, ine ndinatera woyamba pamene paja. Mkati mwa mpanda ng'ombe sizinapondemo kuyambira Lachiwiri. Mapazi amene anakoka geti lija ndi aang'ono. Nsapato yako ndimaidziwa, ndinakugulirapo."

Marnie anatseka maso. "Bwanji sunanene?"

"Ndinene pamaso pa a Lindsay kuti mwana wawo ndi amene wapha ng'ombe? Ndimadya kwanu ine. Komanso si nkhani yanga." Mawu ake anafewa. "Chikundiwawa ndi chakuti mafamu onse tsopano akumutcha mnyamata uja chitsiru cha ku Adelaide. Ku sitolo ya panjira ayamba kale nthabwala. Munthu wotere sabwereranso kumalo kumene akumuseka, ngakhale akukonde bwanji. Lolemba avomera ntchito ija."

"Wadziwa bwanji za ntchito?"

"Anatchulako. Ine ndingoti, Marnie amene ndinkamudziwa ine sakanalola munthu kusenza katundu wake. Akanatenga wailesi, n'kunena pamene bodzalo linanenedwera. Bambo ako sangatsutse chinthu chimene anthu onse amva. Koma mwina Marnie ameneyo anatsala ku Scotland."

Anadula.

Wailesi yaikulu ya panyumba inali pa shelefu, pakati pa chitini cha shuga ndi kalendala. Marnie anaima patsogolo pake. Anapita pazenera. Amayi ake anali kukhola. Anabwerera. Anayang'ana foni, munalibe kanthu. Anatenga cholankhulira, n'kudina.

"Kuno ndi ku Mount Ottilie. Ndine Marnie Hartwig. Nonse amene munamva m'mawa uja, mvetserani. Geti la pa Mjigo Wachinayi ndinatseka ndine, Lachiwiri pa 24. Dario Cattoni sanalikhudze. Ananama kuti anditeteze. Adadi ndinawauza pa geti pomwepo, sanafune kumva, ndipo amuthamangitsa popanda mlandu. Ndatha."

Anasiya kudina.

Mu wailesi munamveka mawu a mayi Tolley, okalamba, onjenjemera. "Tamva, mwana wanga. Walimba mtima."

Ndiye mwamuna wina, amene sanatchule dzina, anati akuseka, "Lindsay, uli pompo? Akuti geti amaphunzira kwanu."

Wina anaseka naye. Marnie ankadziwa kuti wailesi ya m'galimoto ya bambo ake siizima.

Kwa nthawi yoyamba chibwerere anakhala pampando, n'kumva mapewa akutsika. Wachita. Zatha.

Foni inanjenjemera patebulo. Unali uthenga wa Dario, wautali.

"Foni yangoyaka kumene. Marnie, usanene kanthu kwa aliyense, ndakupempha. Pa ndege paja bambo ako anandigwira dzanja. Akuti ndibwere Lolemba pa 2 Disembala ndidzagwire nawo ntchito ya mipanda nyengo yonse yotentha. Akuti ndikapirira osathawa, ndidzawafunsenso funso lija, ndipo sadzandiyankha ngati lero. Akungofuna kuti nkhani ikhale mmene ilili. A ku Scotland ndawakana kale, ndatumiza pompano. Ngati sukukhulupirira funsa Heath, anali pomwepo, anamva zonse. Ingokhala phee, wokondedwa. Tapambana."

Anawerenga kawiri. Pachiwiri anaima pa dzina la Heath.

Kunja galimoto inaima. Chitseko chake chinatsekedwa mosamenyetsa. A Hartwig analowa m'khitchini ndi nsapato, chinthu chimene sankachita, malaya ali ndi magazi ouma. Anapita pa shelefu, n'kuzimitsa wailesi.

"Adadi, sindinadziwe kuti munamuuza..."

"Wakulembera?"

"Eya. Wakana ntchito ija. Wakana chifukwa cha mawu anu, adadi."

Anatsekula mpopi, n'kuyamba kusamba m'manja. Anasamba nthawi yaitali, chala chimodzichimodzi.

"Mapazi ako ndinawaona ndekha pa geti paja," anatero, osatembenuka. "Ndinadziwa kuti mnyamatayo akunama. Ndinati, uyu wasenza manyazi a mwana wanga anthu onse akumva, osaphethira. Wotereyu ndingamupatse. Bodza limenelo linali lathu, la m'nyumba muno, ndipo ndikanafa nalo."

"Ndiye palibe chasintha! Akadali munthu yemweyo!"

"Chasintha. Tsopano kuyambira kuno mpaka kumalire akudziwa kuti mwana wa Hartwig sadziwa geti, kuti mlendo anandinamiza ine n'kumeza, ndiponso kuti ndimathamangitsa anthu osalakwa. Ndikamulandira mu Disembala, adzati wandikakamiza pa wailesi." Anatseka mpopi, n'kupukuta manja pa nsalu ya mbale. "Ine sindikakamizidwa pa wailesi."

"Adadi, chonde."

"Foni ili m'manjayo. Muuze asabwere."